Chikopa cha Mbuzi M'besimenti ya Eni Ake

Kwee, kwee, kwee. Mpaka lero ndikamva munthu akupala ayezi pa galasi la galimoto m'mamawa, ndimatembenuka msangamsanga. Ndi mmene mpeni umalirira pa chikopa chouma chimene chakungidwa bwino. Phokoso limeneli linatsala pang'ono kundigonetsa panja mwezi wa Disembala ku South Bend, ku America, kumene mamina amauma asanafike pamlomo.

Ndiyambire kutali pang'ono kuti mundimvetse. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi ku Lizulu. Agogowo sanali munthu wokonda macheza. Ankagula zikopa za mbuzi kwa opha nyama pamsika, n'kuzipala, kuzikhomera pansi ndi zikhomo kuti ziume, kenako n'kuzigulitsa kwa bambo wina amene ankabwera pa lole. Ine ndinali wogwira mchira. Lamulo lawo linali limodzi: "Iwe ulibe amako. Ukakhala kwa eni usamafunsefunse. Uziyang'ana mmene akuchitira, uchite, utseke pakamwa." Lamuloli linandisunga m'nyumba zambiri, ndipo ndinakwera nalo ndege.

Ku America ndinabwera pa viza ya sukulu, zaka za m'ma 2000 zija, zigawenga zitagwetsa nyumba zazitali ndi ndege, pamene aliyense wobadwira kunja ankayenda ngati waponda mazira. Anthu a kumpingo anandipezera malo kwa a Kachingwe. Bamboyo ankayeza magazi pachipatala, mayiyo anali namwino, ndipo anali ndi kamtsikana kamodzi, Tadala. Sanali abale anga, koma kuno wamkulu aliyense wochokera kumudzi ndi Ankolo kapena Anti. Anandipatsa besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, pafupi ndi makina ochapira. Ine ndinkatchetcha udzu ndi kuchotsa chipale chofewa pakhomo. Kupatula chipinda chimenecho, m'dziko lonse la America ndinalibe pena poika mutu. Ndiye ndinkatsika masitepe mopanda phokoso, mbale ndinkatsuka ndisanameze nthongo yomaliza, ndipo ndinkadziwa mmene Anti adzukira pongomva mmene akutsekera kabati.

Ndinkaphunzira za unamwino, koma mlangizi wa pakoleji anati ndikufunika kosi imodzi ya mabuku. Ndinalembetsa mochedwa, ndipo imene inatsala inali ya Chingelezi chamakedzana. Sindinade nkhawa. (Pa mayeso a Fomu 4 Chingelezi ndinakhoza bwino, ndipo ndinkaganiza kuti chamakedzana ndi chimene ankalankhula ahedi athu.)

Tsiku loyamba kunalowa pulofesa, mayi wamtali wa imvi zofika m'mapewa. Sanapereke moni. Anatsinzina, n'kuyamba kutulutsa mawu ochokera kukhosi, olemera, ogunda ngati munthu akusinja chimanga chonyowa. Ine ndinayang'ana kumene kuli chitseko. Kwathu munthu akayamba zimenezi, amayi amachotsa ana. Koma azungu anzanga ankangomwa khofi. Atamaliza anatsegula maso n'kunena kuti, "Chimene mwamvachi ndi Chingelezi."

Ndisaname, kosiyo ndinayamba kuikonda. Ndinamva kuti Chingelezi chinabwera pachilumba chija pa mabwato, ndi anthu olima ndi omenya nkhondo. Kenako kunabwera achifwamba a kumpoto, n'kuthiramo mawu awo. Kenako dziko linalandidwa ndi olankhula Chifalansa, ndipo kwa nthawi yaitali mafumu ndi oweruza ankalankhula Chifalansa, ansembe Chilatini, Chingelezi n'kutsala cha kukhitchini ndi kukhola. Apa ndinamwetulira ndekha. Kupulayimale ndinazulapo chitsa chifukwa cholankhula Chichewa m'kalasi, osadziwa kuti chilankhulo chimene ankandizunzira nachonso chinakhalapo cha oweta nkhumba.

Vuto linabwera pa ntchito yomaliza. Pulofesa anatipatsa njira ziwiri. Yoyamba, kuima kutsogolo n'kunena ndime ya Chingelezi chakalecho pamtima. Yachiwiri, kupanga tsamba limodzi la buku "monga mmene alembi akale ankapangira." Ine kuima pamaso pa anthu ndimaopa kuposa njoka. Ndipo masabata a m'mbuyomo mayiyo anali atationetsa zithunzi za mmene mabukuwo ankapangidwira. Kunalibe mapepala. Ankalemba pa zikopa za nkhosa, za ana a ng'ombe, ndi za mbuzi. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, panapezeka chinthu chimene mwana wa ku Lizulu ankachidziwa kuposa ana a ku Indiana.

Munthu wanzeru akanakweza mkono n'kufunsa kuti, "Kodi mukunena chikopa chenicheni?" Ine ndinayang'ana anzanga. Palibe amene anafunsa. Ndinatseka pakamwa.

Chikopa ndinachipeza ku Indianapolis. Mwana wamkazi wa a Mbewe, mkulu wa mpingo amene ankakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, ankakwatiwa, ndipo Amalawi a ku South Bend tinakhamukira kumeneko. Azibambo anakagula mbuzi kufamu, n'kudzaisendera mu galaja chitseko chili chotseka kuti aneba asaone. Chikopa anachipinda n'kuchiponya mu bini kuseri kwa mpanda. Ndikanangoti, "Ankolo, ndingatenge?" bwenzi nkhani ino kulibe. Koma kupempha chikopa ndiye kuti afunsa kuti cha chiyani, ndiye kuti ndifotokoze anthu akundiyang'ana. Ndinadikira mpaka perekaniperekani atafika pachimake, aliyense ali kuseri kwa nyumba pa tenti akuvina. Ndinazungulira mpanda, ndinachivuula, ndinachikulunga mu pulasitiki wakuda, n'kuchilowetsa mu buti ya galimoto ya Ankolo, pansi pa tayala la sipeya.

Tinabwerera mawa lake masana. Kunja kunkazizira, Ankolo n'kuyatsa hita. Titadutsa Kokomo, Anti anayamba kununkhiza.

"A Kachingwe, mwaponda chiyani?"

"Ine? Ndi kanyimbi ameneyo, agundidwa mumsewu."

"Kanyimbi wotitsatira kuchokera ku Lawrence?"

Ankolo anaponda mafuta kuti tithawe kanyimbiyo, ndipo posakhalitsa kumbuyo kunawala magetsi ofiira ndi abuluu. Wapolisi anafika pawindo, chipewa chachikulu, dzanja pafupi ndi mfuti. Anatenga laisensi, kenako mphuno yake inagwedezeka. Anafunsa kuti kumbuyo tanyamula chiyani. Ine pampando wakumbuyo ndinaona zonse zimene zikubwera: buti yatsegulidwa, pulasitiki wakuda, magazi, ubweya, ine ndili chigonere pamsewu, kenako ndege ya ku Lilongwe. Ankolo anayankha ndi mtima woyera kuti ndi nyama yotsala ku ukwati. Wapolisi anati aziyenda pang'onopang'ono, ndipo nyamayo akaitaye. Sindinapume bwino mpaka tinafika.

Apo ndiye panali poti ndisiye. Sindinasiye.

Ankolo ndi Anti onse ankagwira shifiti ya masana, Tadala ali kusukulu, choncho nyumba inkakhala yanga kwa maola angapo. Ndinagula laimu wopakira nyumba kusitolo ya zomangira, n'kuviika chikopa mu chidebe chovundikira, kuseri kwa makina otenthetsa nyumba. Ubweya utayamba kusosoka ndinauchotsa. Ndinapeza felemu ya windo lakale mu galaja. Alembi akale sankaboola chikopa pochikunga. Ankakulunga timiyala m'mphepete mwake, n'kumanga chingwe pa kamfundo kalikonse. Ndinachita chimodzimodzi, timiyala tozungulira chikopa chonse, kalikonse komangidwa ndi ulusi wakuda. (Inde, ndikudziwa chimene mukuganiza. Ine panthawiyo sindinachione.)

Inki ankaipanga ndi timibulu tomera pa mitengo ya oki, kuphatikiza chitsulo. Ndinatola timibuluto kupaki, ndinatiwiritsa pamodzi ndi misomali yadzimbiri mu kapoto kakale ka Anti kamene ndinkaganiza kuti anakataya. Cholembera chinayenera kukhala nthenga ya tsekwe. Atsekwe ku South Bend ali mbwee m'mbali mwa mtsinje, ndipo saopa munthu. Mmodzi anandithamangitsa mpaka pa siteji ya basi, khosi lili tambasuu, akufwenthera ngati mphiri, koma nthenga ndinabwera nazo zodzaza dzanja.

Fungo ndinkalimbana nalo ndi mankhwala opopera. Anti anaitanitsa munthu wokonza mapaipi. Munthuyo anayang'ana paliponse kupatula kuseri kwa makina aja, ine nditaima pomwepo ngati mlonda.

Chikopa chitauma ndinayamba kuchipala. Kwee, kwee, kwee. Sichinatuluke choyera ngati za m'zithunzi. Chinali chachikasu, pena chokhuthala, pena choonekera kuseri, koma chinkalembeka. Ndinaopa kuchidula, ndiye ndinkalemba chili chikungire pa felemu. Ndime yanga ndinaisankha chifukwa inali yaifupi, ndiponso inali ya zachipatala, yochokera m'mabuku a ochiritsa akale a ku England. Pulofesa anali atanenanso kuti anthu a nthawi imeneyo sankawerenga chamumtima, mlembi ankatchula liwu lililonse polemba. Ine poti ndinaganiza zochita zonse mwandondomeko, ndinkatchulanso. Ndikalakwitsa ndinkapala ndi mpeni, ngati iwo.

Lachisanu lina masana, kutatsala masiku ochepa kuti tipereke ntchitoyo, Anti anaweruka msanga chifukwa cha mutu. Sindinamve galimoto. Sindinamve chitseko. Ine amene ndinkamva kabati ikutsekedwa! Ndinali nditagwada pansi, malaya nditavula chifukwa cha kutentha kwa makina aja, nthenga kudzanja ili, mpeni kudzanja ili, ndikung'ung'udza mawu a kukhosi aja.

"Yesu wanga!"

Basiketi ya zovala inagubuduzika pa masitepe. Anti anali ataima pakati, dzanja pachifuwa. Ndinaona maso awo akuyenda: chikopa, timfundo ta ulusi wakuda, nthenga, kapoto kawo kali ndi madzi akuda bii ndi misomali, mpeni, ine.

"Achimwene, mukutani m'nyumba mwanga?"

Chifikireni ankanditchula kuti iwe. Nditamva "achimwene" ndi "mukutani" ndinadziwa kuti zavuta. Ndinafuna kufotokoza za mabwato, Afalansa, ansembe, zonse. Chimene chinatuluka ndi chakuti, "Ndi homuweki, Anti."

Anakwera masitepe chambuyo.

Ankolo anabwera ndi yunifolomu ya kuntchito. Iwo anali munthu wa sayansi, wofatsa, ndipo ndinkadalira kuti amvetsa. Anavala magalasi, anawerama patali ndithu ndi chikopacho, manja ali kumbuyo.

"Mphwanga, ukuti ichi n'chiyani?"

"Chingelezi, Ankolo. Chakale."

"Ine ndaphunzira ku Malawi, ndaphunzira ku Joni, ndaphunzira kuno. Chingelezi ndimachidziwa. Apa sindikuona liwu ngakhale limodzi."

Ndinathamangira chikwama n'kutulutsa buku la kalasi kuti aone okha. Anti, amene anali pamwamba pa masitepe, anakuwa: "Ndiye ali ndi buku lake lomwe! A Kachingwe, musaligwire!" Ankolo anabweza dzanja.

"Nanga chikopachi unachitenga kuti?"

"Ku Lawrence."

"Kuti ku Lawrence?"

"Ku ukwati."

Kenako ndinamva Anti akudina manambala a foni. Madzulo omwewo Tadala anapita kukagona kwa mnzake, atanyamula zovala za masiku angapo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinauyamba wa ku Indianapolis. Felemu yonse inali mu buti, ataifunditsa bulangete. Anti anakhala kutsogolo akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi, imodzi ikatha n'kuyamba ina, osatembenuka. Ine ndinkayang'ana minda ya chimanga yokololedwa kale, yoyera ndi chipale, ndikuganiza kuti munthu angagone pati m'dziko lopanda ngakhale chisakasa. Ndinaganiza za laibulale ya pakoleji, koma amatseka. Ndinaganiza za siteshoni ya sitima ya kubwalo la ndege, koma pali alonda.

Kwa a Mbewe tinapeza mipando itakonzedwa kale. A Mbewe anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Mayi Mbewe anakhala pa sofa, miyendo itasanjikidwa pa kampando. Panalinso amayi awiri a chigwirizano amene sindinkawadziwa. Ine anandiikira mpando wa kukhitchini pakati pa balaza. Titapemphera, a Mbewe anatenga rimoti.

"Tisanayambe, tionere limodzi kanthu kena."

Inali vidiyo ya ukwati. Akwati akuvina, amayi akululutira, ndalama zikuuluka. Kenako a Mbewe anaimitsa chithunzi. Kumbuyo kwa mkwatibwi, kuseri kwa mpanda, kunali munthu wa suti yobwereka, mutu uli mu bini. Anayendetsa pang'ono. Munthuyo anadzuka, anayang'ana uku ndi uku ngati fisi, n'kuvuula chinthu chaubweya. Anabweza. Ndinachibwezeramo. Anayendetsa. Ndinachivuulanso. Amayi a chigwirizano ankangoti "Mhm!" nthawi iliyonse.

"Vidiyo imeneyi," anatero a Mbewe, "tinatumiza kale ku Ntcheu."

Kenako anayamba kuwerengera pa zala zimene zinachitika chichitikireni ukwati. Mkamwini wawo anamuchepetsera maola kuntchito. Galimoto ya akwati inaterereka n'kugunda bokosi la makalata. Ndipo mayi a m'nyumba muno miyendo inayamba kutupa, madokotala akungosinthasintha mapilitsi.

"Sitikukunenani kuti ndinu mfiti, achimwene. Ife ndi Akhristu. Tikungofunsa kuti mbuzi ya ukwati wa mwana wanga, chikopa chake mumachifuniranji?"

Ndinayesetsa. Ndinafotokoza kuti Angelezi akale analibe mapepala, kuti chilankhulo chawo chinali china, kuti panali nthawi imene mafumu awo omwe sankachilankhula. A Mbewe anaseka ndi mphuno.

"Mfumu ya ku England yosalankhula Chingelezi. Mwamva, a Kachingwe? Ndiye inkalankhula Chiyao?"

"Mwina tingomulola awerenge," anatero Ankolo. Ndikhulupirira ankafuna kundithandiza.

Anabweretsa felemu n'kuitsamiritsa ku khoma, aliyense n'kusendeza mpando wake. Ndinagwada, chifukwa zilembo zinali m'munsi, ndipo ndinayamba kuwerenga. Ndikachita mantha mawu anga amatsika, ndiye anatuluka okhuthala kuposa a pulofesa. Ndisanamalize mzere wachiwiri, mmodzi wa amayi aja anali atayamba kupemphera mokweza, mnzake akumuthandiza ndi "Moto! Moto!" A Mbewe anakweza dzanja.

"Basi, basi! Tanthauzo lake n'chiyani?"

Apa munthu wochenjera akanati ndi salimo. Palibe akanatsutsa. Koma ine bodza la pamaso pa akulu silindituluka.

"Ndi malangizo a mankhwala, Ankolo. Akuti utenge zitsamba zakutizakuti, uwiritse, upake wodwalayo, ukunena mawu enaake."

"Zitsamba. Ndi mawu enaake." A Mbewe anayang'ana Ankolo. "Ndiye sing'anga."

"Wachingelezi, Ankolo."

"Mankhwala a matenda anji?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinayang'ana kudenga. Mulungu ndi mboni, ndimeyo ndinaisankha miyezi iwiri m'mbuyomo, Mayi Mbewe ndisanawaonepo n'komwe.

"A kutupa kwa miyendo."

Mayi Mbewe anatsitsa miyendo yawo pang'onopang'ono n'kuifunditsa chitenje. Anti anayamba kulira, akuti mwana wawo wakhala akugona pamwamba pa zimenezi. Chimene ndinkaopa sichinali kumenyedwa. Ndinkadikira kuti wina anene kuti, "Asabwerere ku South Bend."

Chigamulo chinali chakuti chikopa chiotchedwe, ndipo achiotche mwini wake. Anatulutsa mbaula yootchera nyama kuseri kwa nyumba, pa chipale. Ndinadula zingwe, timiyala tikugwa, n'kuchiika pa makala. Chinapindika ngati chamoyo, chikulira kuti tsii, zilembo zanga zikufufuma n'kuphulika. Utsi wake unali woti neba wina anatuluka, anatiyang'ana anthu akuda asanu ndi awiri titazungulira mbaula tikuimba nyimbo, n'kubwereranso m'nyumba mwake msangamsanga. Ndinayamba kumvetsera ngati kukubwera sailini ya polisi.

Potsanzikana Ankolo anafunsa za malo anga. A Mbewe anati, "Za m'nyumba mwanu ife sitingalowerere. Mayi ndi amene anaona." Anti anapukuta maso n'kunena kuti, "Ndiganize kaye." Ulendo wonse wobwerera sanaimbe ngakhale nyimbo imodzi, ndipo ndinaona kuti kuimba kuja kunali bwino.

Lolemba ndinapita m'kalasi chimanjamanja. Anzanga anali atayala ntchito zawo pa matebulo, masamba okongola abulauni, opserera m'mphepete. Ndinagwira limodzi. Linali lopepuka. Ndinalinunkhiza.

"Unapeza kuti chikopa chotere?" ndinafunsa mtsikana wina.

Anandiyang'ana modabwa. Anati ndi pepala la mu printa, analiviika mu tiyi, n'kuliyanika mu uvuni. Aliyense anachita choncho. Ntchito ya madzulo amodzi.

Pulofesa atafika pa ine ndinamuuza zonse, chapansipansi. Anagwira tebulo. "Unapanga chikopa chenicheni? Ndi laimu? Ndi timiyala?" Anati zaka zonse zimene waphunzitsa palibe mwana anayesapo. "Chili kuti?" Nditamuuza kuti tinachiwamba ku Lawrence, ndinaona ngati alira. Anandipempha nambala ya kunyumba. Kenako anati popeza palibe choti aone, ndiime kutsogolo ndinene ndimeyo pamtima. Choncho chinthu chimene ndinachithawa mpaka kulowetsa mutu mu bini ndinachichitabe, pamaso pa kalasi yonse. Anandiombera m'manja. Palibe anakuwa kuti moto.

Nditafika kunyumba sindinapeze munthu pabalaza. Ndinatsika, ndinapinda zovala zanga zonse n'kuziika mu sutikesi, kuti akandiuza ndisawachedwetse. Ndinakhala pa bedi nditavala jekete. Pamenepo ndinalumbira kuti lamulo la agogo latha ntchito. Kuyambira lero ndizifunsa. Ndikanafunsa pulofesa funso limodzi, kapena a Mbewe funso limodzi, sibwenzi ku Ntcheu akundionera pa vidiyo. Ndipo ndiyambira pompano: Ankolo akatsika ndiwafunsa maso ndi maso kuti, kodi ndikhale kapena ndichoke?

Kunja kusanade ndinamva mapazi pa masitepe. Ankolo anaima pafupi ndi makina ochapira, anayang'ana sutikesi, anandiyang'ana. Ndinatsegula pakamwa. Lamulo la agogo linapatsekanso.

"Aphunzitsi ako anaimba foni," anatero. "Talankhula nthawi yaitali. Akuti ndi Chingelezi ndithu. Akuti uli ndi manja abwino." Anakanda chibwano. "Ine ndamva. Anti ako ndawafotokozera, akuti mzungu nayenso akhoza kukhala mfiti."

Ndinagwira chogwirira cha sutikesi.

"Siya chimenecho. Ndawauza kuti sindingataye mwana wa eni pa chipale. Agwirizana nazo, koma akuti kukhitchini asakuone mpaka Isitala, ndipo kapoto kaja ukataye kutali." Anapisa m'thumba. "Chitseko cha m'besimenti muno chotulukira kubwalocho chimatseguka, ungochikankha ndi phewa. Uzilowera kumeneko."

Anaika kiyi wadzimbiri m'dzanja langa, osakhudza chikhatho, n'kukwera masitepe.